Hotela yosaboola m'thumba m'dera lakale la mzinda: yambirani pomwe galimoto limathera

Madera akale a mizinda anamangidwa kusanabwere galimoto, chikepe kapena mapaipi a madzi otentha. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa ndi imene imasiyanitsa hotela yotchipadi ndi ina yongooneka yotchipa pa foni. Nambala imene mukuiona pa intaneti ndi mtengo wa bedi basi. Zotsalazo mukalipira ndi miyendo, ndi tulo, komanso ndi tindalama tina timene palibe amene anakutchulirani.

Sikuti ndikufuna kukuopsezani. Ine malo otere ndimawakonda, ndipo ndikakhala ndi mwayi wosankha ndimagona momwemo. Cha kumadzulo, alendo a tsiku limodzi akakwera mabasi awo, misewu imabwerera kwa eni ake, ndipo m'mawa kwambiri mumaona mashopu akutsegulidwa, ana akupita kusukulu m'mbali mwa makoma a zaka mazanamazana. Wogona kutali zimenezi saziona. Koma pofunafuna chipinda sindiyambira pa mtengo. Ndimayambira pa mapu, ndipo funso loyamba limakhala lakuti: kodi takisi ikanditsitsa pati?

M'dera lakale la Fes, ku Morocco, galimoto sililowa n'komwe. Katundu amayenda pa abulu ndi pa ngolo zokankha ndi manja, ndipo takisi imakusiyani pa chipata, monga cha Bab Boujloud, n'kutembenuka. Ku Stone Town, pa chilumba cha Zanzibar, tinjira tambiri n'topanikizika moti mumangodutsa anthu, njinga ndi njinga zamoto. Ku Dubrovnik, ku Croatia, mumatsikira kunja kwa linga, pa chipata cha Pile. Msewu waukulu wa Stradun ndi wathyathyathya, koma tinjira tochoka pamenepo kulowera kumpoto ndi masitepe okhaokha. Ku Venice magalimoto amathera pa Piazzale Roma, sitima imathera pa siteshoni ya Santa Lucia, ndipo kutsogoloko kuli milatho yoposa 400, yambiri mwa iyo ya masitepe. Mlatho uliwonse ndiye kuti sutikesi muinyamule, muikwere nayo, muitsike nayo.

Choncho mukapeza hotela yokusangalatsani, tsegulani Google Maps, ikani chizindikiro pomwe galimoto limathera, n'kuyeza ulendo wapansi kufika pakhomo. Ine malire anga ndi mphindi khumi. Zikapitirira apo, mtengo uyenera kutsika kwambiri kuti ndivomere. Pomwe pali Street View, zithunzi za misewu za pa mapuwo, yendani njirayo ndi chala, muone ngati pansi ndi posalala kapena ndi miyala yoyala ija imene imathyola timawilo ta masutikesi. Mapu amakuuzani mamita koma amangong'ung'udza za chitunda. Ku Alfama, dera la Lisbon limene linapulumuka kwambiri pa chivomerezi cha 1755, mamita 400 a pa mapu akhoza kukhala chikweza cha masitepe kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Nanga zotchipa zimapezeka kuti? M'dera lakale lililonse mitengo imakhala ngati ya magawo atatu. Pabwalo lalikulu, pamene aliyense akujambulapo zithunzi, ndi podula kwambiri ndiponso paphokoso kwambiri. Mkatikati mwa tinjira tosokoneza, kapena pamwamba pa phiri, ndi potchipa, koma chifukwa chake mwachidziwa kale. Pamene ine ndimasaka ndi m'mphepete: pafupi ndi chipata, kapena msewu umodzi kapena iwiri kunja kwa linga, makamaka pomwe padutsa basi, tram (kasitima koyenda pa njanji ya mumsewu) kapena sitima yapansi panthaka. Pamenepo mumalowa m'dera lakale ndi mapazi m'mphindi zochepa, koma sutikesi yanu siiona masitepe.

Ku Istanbul, mwachitsanzo, aliyense amafuna dera la Sultanahmet, pafupi ndi mzikiti wa Hagia Sophia. Koma tram ya T1 imadutsa pomwepo n'kutsikira ku Gülhane, Sirkeci ndi Eminönü, kenako kuwoloka mlatho wa Galata kupita ku Karaköy. Yerekezani mitengo m'mbali mwa njanji yonseyo musanakakamire pakhomo pa mzikiti. Ku Prague, yang'ananinso dera la Vinohrady musanalipire chipinda cha pa Old Town Square. Ku Venice, dera la Cannaregio lili pafupi ndi siteshoni, ndipo kawirikawiri limachitira chifundo thumba kuposa la San Marco. Ena amalangiza Mestre, kumtunda, komwe sitima imatenga mphindi pafupifupi khumi kuwoloka. N'zoona kuti kumeneko n'kotchipa, koma tinene chilungamo: mukagona ku Mestre simunagone m'mzinda wakale. Ngati cholinga chanu ndi kuona Venice usiku anthu atachoka, ndalama mwapulumutsazo zakulandani chimene munapitira.

Chenjeraninso ndi mayina. Mahotela ambiri amaika dzina la dera lotchuka m'dzina lawo ngakhale ali kutali nalo. Dzina musalikhulupirire; koperani adiresi yeniyeni, muiike pa mapu nokha.

Tsopano tilowe m'nyumbamo. Nyumba zambiri za m'madera amenewa zimatetezedwa ndi malamulo osunga zakale, ndipo mwini wake sangangoboola khoma kuti aikemo chikepe kapena kukuza zenera. Ku Amsterdam nyumba za m'mbali mwa ngalande n'zopyapyala, masitepe ake n'ngotsetsereka moti pamwamba pa nyumba zambiri pali mbedza yokwezera mipando kudzera pazenera. Ngati mipando imakanika kudutsa pamasitepe, ganizirani za inu ndi chikwama cha makilogalamu 23. Ndipo chipinda chotchipa kwambiri m'hotela iliyonse yotere chimakhala chimodzi mwa ziwiri izi: cha pamwamba penipeni, pansi pa denga, kapena cha pansi penipeni, pomwe dzuwa silifika. Dziwaninso kuti m'maiko ambiri a ku Ulaya nsanjika ya pansi saiwerengera, ndiye akakuuzani kuti muli pa yachitatu, mukwera katatu.

Ulendo wina ndinali ndi azakhali anga, amene maondo amawavuta. Tinali titafunsa kale za chikepe, n'kutiyankha kuti chilipo. Chinalipodi, koma chinkayambira pamwamba pa masitepe oyamba, ochoka pakhomo la kumsewu kufika pa desiki yolandirira alendo. Azakhali anaima pansi, n'kuyang'ana masitepewo, n'kundifunsa modekha kuti, "Mwanawe, chikepe chija ndiye chili kumwamba, nanga ife tikachipeza bwanji?" Mnyamata wa pamalopo anatsika n'kuwagwira dzanja, koma tsiku lililonse ankawerengera kaye asanatuluke ngati ulendowo unali woyenera kukwereranso. Choncho funso lolondola si lakuti "muli ndi chikepe?" ayi. Funsani kuti kuchokera pamsewu kufika pa bedi pali masitepe angati.

Phokoso nalonso limaoneka pa mapu, ngati mukudziwa kuyang'ana. Kulitsani mapuwo muone chimene chili pansi pa zenera ndi kutsidya kwa njira: bala, malo odyera, tchalitchi, mzikiti. M'kanjira kopanikizika ka makoma a miyala mawu sathawa, amangokwera m'mwamba. Anthu anayi akucheza pakhomo la bala amamveka ngati msonkhano. Ku Alfama nyimbo za fado zimaimbidwa mpaka usiku kwambiri, ndipo mwezi wa June, makamaka usiku wa pa 12 kulowa pa 13 pokondwerera woyera mtima Santo António, dera lonse siligona. Ku Istanbul, Fes ndi Stone Town kuitanira mapemphero kumayamba kusanache, ndipo m'mizinda yambiri ya ku Italy mabelu a tchalitchi sadikira kuti mlendo adzuke. Zimenezi si zodandaula nazo, eni malo anazipeza ndipo inu mudzazisiya. Koma ngati tulo tanu n'topepuka, pemphani chipinda choyang'ana kuseri kapena kubwalo la mkati. Nthawi zambiri chimakhalanso chotsikirapo mtengo chifukwa chilibe malo okongola oyang'ana. Ine ndimasankha chimenecho mosaganiza kawiri. Mzinda ndikauona ndikatuluka.

Ma riad a ku Marrakech ndi Fes ali ndi nkhani yawoyawo. Ndi nyumba zomangidwa mozungulira bwalo la mkati, mazenera onse amayang'ana m'bwalomo, kunja kuli khoma lokhalokha. Phokoso la mumsewu simulimva, koma aliyense amene akumwa tiyi pabwalopo mumamumva, ndipo zipinda za pansi, zomwe zimakhala zotchipa, zitseko zake zimatsegukira pomwe anthu amadyera kadzutsa. Ngati kusiyana kwa mtengo n'kochepa, tengani cha pamwamba. Ndipo ngati mukupita mu December kapena January, funsani za chotenthetsera. Anthu amamva Morocco n'kuganiza za kutentha, chikhalirecho nyumba zomangidwira kuthawa dzuwa zimazizira koopsa usiku wa miyezi imeneyo.

Madzi ndi chinyezi ndi nkhani imene zithunzi sizinena. Ku Venice madzi a m'nyanja amakwera n'kulowa m'misewu makamaka kuyambira October mpaka January. Mu November 2019 anafika masentimita 187, ndipo San Marco, pokhala pamalo otsika kwambiri, ndi pomwe pamayamba kumira. Kuyambira 2020 pali zitseko zotchinga madzi zimene zachepetsa vutoli, komabe chipinda cha pansi m'miyezi imeneyo ine sinditenga. Ku Stone Town makoma ndi a miyala ya m'nyanja ndi laimu, amamwa chinyezi, ndipo chipinda chopanda zenera lenileni chimanunkha chuku. Kumeneko funsani ngati muli fani kapena makina oziziritsira, ngati pabedi pali neti, komanso ngati ali ndi jenereta magetsi akazima. Kulikonse, funsani za madzi otentha. M'nyumba zakale zambiri amadalira kathanki kakang'ono, ndipo wosamba pomaliza amasamba ozizira.

Zithunzi muzizione ngati wofufuza mlandu. Ojambula amagwiritsa ntchito kamera imene imatambasula chipinda, ndiye muyezo wanu ukhale bedi: ngati pakati pa bedi ndi khoma sipakuoneka malo oikapo sutikesi yotsegula, ndiye kuti palibe. Ngati pa zithunzi zonse za chipindacho simukuona zenera, mwina kulibe. Ngati zithunzi khumi ndi za padenga, za maluwa ndi za chitseko chosemedwa bwino, koma cha bafa palibe ngakhale chimodzi, ndi chikomekome cha mkuyu chimenecho. Werenganinso mosamala za bafalo. Pali la mkati mwa chipinda, pali lanu nokha koma lili kunja m'khonde, ndipo pali logawana ndi ena. Logawana si tchimo, ndipo ndi njira imodzi yachangu yotsitsira mtengo ngati muli nokha ndipo mukugona masiku ochepa, bola mudziwe musanalipire.

Nyenyezi zisakutengeni mtima. Dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake, ndipo kawirikawiri zimanena za zinthu zimene zilipo, monga chikepe kapena desiki yotsegula usiku wonse, osati za ukhondo kapena ulemu. Kanyumba ka nyenyezi ziwiri koyendetsedwa ndi banja kakhoza kuposa hotela ya zinayi imene inatopa kalekale. Ndemanga za amene anagonapo ndi zothandiza kuposa nyenyezi, koma musawerenge zoyamikira kwambiri kapena zolusa kwambiri. Sanjani kuti zatsopano zibwere pamwamba, muwerenge za pakatikati, za anthu amene akuti "zinali bwino, koma". Chimene chabwera pambuyo pa "koma" ndicho mukufuna. Munthu mmodzi akadandaula za fungo, mwina ndi mphuno yake. Atatu akadandaula m'miyezi itatu, ndi mapaipi. Sakani ndemanga za mwezi womwe inu mukupita, chifukwa wogona mu April sangakuuzeni za kutentha kwa mu August pansi pa denga. Onaninso mmene eni hotela amayankhira madandaulo. Amene amakalipira mlendo poyera adzakukalipirani inunso shawa ikadzafa.

Tsopano masamu. Mizinda yambiri yotchuka imalipiritsa msonkho wa alendo, ndipo nthawi zambiri sukhala mu mtengo woyamba umene mwauona. Ku Lisbon unakwera kufika ma euro 4 pa munthu usiku uliwonse kuyambira September 2024. Ku Amsterdam unafika 12.5 peresenti ya mtengo wa chipinda mu 2024. Ku Rome umatengera nyenyezi za hoteloyo ndipo mumalipira pamalopo. Ku America mtengo woyamba nthawi zambiri umakhala wopanda msonkho, umaonekera kumapeto. Onjezani kadzutsa, ndalama ya ofika usiku desiki itatsekedwa, yosungitsa katundu mukatuluka m'chipinda ndege yanu ili ya madzulo, ndipo ngati ndi nyumba yobwereka yonse, ndalama yoyeretsera, imene imapweteka kwambiri wogona masiku awiri okha.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Muli awiri, masiku atatu. Chipinda choyamba ndi ma euro 60 usiku, chili mkatikati, chopanda kadzutsa. Chachiwiri ndi 75, chili pafupi ndi tram, kadzutsa ali momwemo. Choyamba chikwana 180, chachiwiri 225. Koma pa choyamba onjezani 15 ya wonyamula katundu popita ndi 15 pobwerera, kadzutsa wa 8 pa munthu tsiku lililonse amene akwana 48, ndi 20 chifukwa mwafika usiku. Chafika 278. Chotchipa chija chapitirira chinzake ndi 53, ndipo masitepe sitinawaikire mtengo.

Ngati mwabwereka galimoto, nkhani ndi ina. Ku Florence, Rome ndi mizinda ina yambiri ya ku Italy, pakati pa mzinda pali malire otchedwa ZTL, olondedwa ndi makamera. Mukalowa popanda chilolezo, chindapusa chimakutsatirani kwanu patapita miyezi. Hotela zina za mkatimo zimatha kulembetsa nambala ya galimoto lanu kuti mutsitse katundu, koma muyenera kufunsa musanafike. Langizo langa ndi lachidule: bwezani galimotolo musanalowe m'dera lakale.

Tsiku limene mwasankha limasintha mtengo kuposa luso lililonse lonenerera. Old Town ya ku Edinburgh mu August, nthawi ya zikondwerero zake, Seville pa sabata ya Isitala, Venice pa Carnival, French Quarter ya ku New Orleans pa Mardi Gras: masiku amenewa chipinda chomwecho chimakwera modabwitsa. Ngati simukupitira chikondwererocho, sunthani ulendo ndi sabata imodzi kapena ziwiri. M'mizinda ya alendo Lachisanu ndi Loweruka ndi odula, choncho yesani kuyambira Lamlungu. Ine ndimasungitsa msanga pa mtengo wololeza kusintha maganizo popanda kulipira, kenako ndimayang'ananso tsiku lomaliza losinthira likamayandikira. Mtengo ukatsika ndimasungitsa chatsopano n'kufafaniza chakale. Mtengo wosabweza ndalama umakhala wotsikirapo, koma muutenge pokhapokha visa ili m'manja ndipo tikiti yagulidwa.

Mukatsala ndi mahotela awiri kapena atatu, alembereni. Uthenga usatalike. Wanga umanena masiku, chiwerengero cha anthu ndi nthawi imene tikufika, kenako mafunso: takisi itisiye pati, kuchoka pamenepo tiyenda mphindi zingati, masitepe alipo angati mpaka m'chipinda, zenera likuyang'ana kuti, ndipo ndalama yonse pamodzi ndi msonkho ndi zingati. Kayankhidwe kake kamakuuzani zambiri kuposa mayankho enieniwo. Amene ayankha funso lililonse, n'kuwonjezera kuti "mukafika pa chipata mutiimbire, titumiza munthu", ameneyo ndi wanu. Amene angoti "takulandirani, malo athu ndi okongola" osakhudza masitepe, ndiye kuti masitepewo ndi ambiri. Mu uthenga womwewo mukhoza kufunsa ngati mtengo ungatsike mukasungitsa kwa iwo mwachindunji, poti makampani osungitsira malo pa intaneti amatengapo gawo lawo. Hotela zazing'ono zambiri zimachotsera pang'ono kapena kuwonjezera kadzutsa. Koma tsimikizani kuti mukulankhula ndi hotela yeniyeni, pa nambala kapena imelo ya pa webusaiti yawo. Uthenga uliwonse wokuuzani kuti dinani apa, lowetsaninso khadi lanu lero lomwe apo ayi mutaya chipinda, muutenge ngati wa akuba mpaka mutaimba foni n'kumva mawu a munthu.

Polipira ndi khadi, makina akakufunsani ndalama imene mukufuna kulipirira, sankhani ya dziko limene mulilo. Kusinthitsa kwa pamakinapo kawirikawiri kumadula kuposa kwa banki yanu. Khalaninso ndi ndalama zapamanja pang'ono, chifukwa malo ang'onoang'ono ambiri msonkho wa alendo amaufuna choncho. Risiti musaisiye.

Yesetsani kufika kukuwala. M'tinjira topanikizika kadontho ka buluu ka pa foni, kosonyeza pomwe muli, kamasochera, kamakuikani kuseri kwa khoma limene mulibe. Koperani mapu pa foni musananyamuke, jambulani chithunzi cha chitseko cha hoteloyo, ndipo sungani adiresi m'chinenero cha kumeneko. Zitseko zambiri m'madera otere zilibe chikwangwani, kabelu kokha ndi nambala. M'ma medina, madera akale a mizinda ya ku Morocco, mudzakumana ndi anyamata ofuna kukulondolerani njira, ena n'kukuuzani kuti njira imene mwatenga yatsekedwa. Ngati mukufuna thandizo, gwirizanani mtengo musanayende naye, apo ayi funsani wa mushopu, amene sangasiye malonda ake kuti akutsatireni.

Mukalowa m'chipinda, sutikesi musaitsegule kaye. Iikeni m'bafa, pa matailosi. Tsegulani mpopi wa madzi otentha muusiye uthe mphindi imodzi kapena ziwiri, gujumulani chimbudzi, yatsani fani kapena makina oziziritsira. Tukulani nsalu ya pabedi kumutu, muyang'ane m'misoko ya matiresi ndi tochi ya pa foni: timadontho takuda tochuluka pamalo amodzi ndi chizindikiro cha nsikidzi. Yesani loko wa chitseko muli mkati. Kenako tulukani m'khonde muone njira yothawira moto, chifukwa nyumba zambiri zakale zili ndi masitepe amodzi okha, ena a matabwa, ndipo mazenera a pansi amakhala ndi zitsulo. Funsani ngati chitseko cha kumsewu amachikhoma usiku komanso ngati chimatseguka ndi mkati popanda kiyi. China chikakhala cholakwika, tsikani nthawi yomweyo bedi lisanakhudzidwe, mupemphe chipinda china mwaulemu, mutanyamula foni yoonetsa zimene anakulonjezani mu uthenga uja.